Sitima ya ku Schwarzwald (dera la mapiri ndi nkhalango ku Germany): kuchoka Karlsruhe mpaka Konstanz, tikwere iti?

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Moni nonse apa pagulu. Funso langa ndi ili, mayi anga abwera kudzacheza ndiye ndikufuna Loweruka likubwerali ndiwatengere kunyanja ku Konstanz akaoneko nyanja ya Bodensee. App ya masitima ikundipatsa sitima wamba ya RE 2 ya maola atatu ndi ka mphindi pang'ono, yosasintha sitima. Koma maola atatu abale, palibe sitima yothamanga ya ICE yopita kumeneko? Tikiti yanga ndi Deutschlandticket koma iwowo alibe kalikonse.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Asisi bwerekani galimoto basi kkkk. Sitima yoima pamudzi uliwonse ndi mayi achikulire mufika mutatopa.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ayi ayi mphwanga usawasokoneze. Nachisale mwana wanga, kwerani RE 2 yomweyo ndipo musayang'anenso ina. Njanji imeneyo ndi Schwarzwaldbahn, anthu amachita kuchokera kutali kudzangoikwera osati chifukwa ali ndi kopita, inu mukufuna kuidumpha? Nyanjayo mukaiona inde, koma zimene mayi azikasimba kumudzi ndi za m'njiramu. Ndiponso ngakhale mutapeza sitima yodula, m'mapiri umo singathamange, makona ake salola, ndiye ndalama mungotaya.

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Za tikiti ndiyankhe ine msanga asanayambe mbiri a Villingen chifukwa akayamba sasiya kkkk. Musawagulire Deutschlandticket mayiwo, ija ndi ya pamwezi ndipo imangodula yokha ndalama mwezi ndi mwezi mpaka mutaikaniza. Aguleni Baden-Württemberg-Ticket ya tsiku limodzi, imagwira pa masitima onse a m'dera muno ndi mabasi omwe. Pakati pa sabata imayamba 9 koloko m'mawa koma Loweruka ndi Lamlungu imagwira kuyambira m'bandakucha, nde inu muli bho. Dzina lawo mulembe pa tikitipo musanakwere, kondakitala amayang'ana zimenezo. Pa ICE siigwira, ndi yanu yomwe siigwira.

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Zikomo kwambiri Mayi a Tamanda. Ankolo a Villingen tiuzeni ndithu, ine ndikufuna kumva kuti chapadera n'chiyani. Ndinakwerapo mpaka Offenburg koma ndinangoona minda ndi mafakitale, palibe chachilendo.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Eetu, chifukwa kuchoka Karlsruhe kudzera Rastatt, Baden-Baden mpaka Offenburg mumakhala mudakali m'chigwa cha mtsinje wa Rhine, kosalala, njanji yaikulu yopita ku Basel. Schwarzwaldbahn yeniyeni imayambira pa Offenburg pomwe sitima imapatuka kulowa m'chigwa cha mtsinje wa Kinzig, nkukathera ku Singen, makilomita pafupifupi 150. Poyamba imayenda mofatsa m'mbali mwa mtsinje, Gengenbach, Haslach, Hausach, minda ya mphesa m'mapiri ang'onoang'ono, nyumba za madenga aakulu ofika pafupi pansi. Apa mutha kumadya zanu, kumacheza. Koma ikangochoka pa Hausach nkulowa chigwa cha Gutach, foni ikani m'chikwama. Pa Hornberg siteshoni ili pamwamba, sitima imadutsa pa mlatho wautali wamiyala tauni yonse ili pansi panu, mukuona madenga ndi nsanja ya linga lakale patsidya. Kuchokera pamenepo mpaka Sommerau nde pali nkhani. Offenburg ili mamita pafupifupi 160 pamwamba pa nyanja yamchere, Sommerau ili pa 832, ndipo chitunda chachikulu chili pa kachigawo kakafupi kwambiri kameneka. Sitima singakwere phiri molunjika, mateyala ake ndi achitsulo pa chitsulo amaterereka, nde injiniya wake Robert Gerwig anati njanji isakwere kuposa mamita awiri pa mamita 100 aliwonse. Kuti zimenezo zitheke anaitalikitsa dala. Imapita kutsogolo, nkukhota m'kati mwa phiri kubwerera komwe yachokera koma ili pamwamba pang'ono, nkukhotanso kupitiriza. Imachita zimenezi kawiri, koyamba musanafike Triberg cha ku Niederwasser, kachiwiri mutadutsa Triberg cha ku Gremmelsbach. Amene munatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti mukudziwa kale mmene zimakhalira, kungoti apa makona ambiri ali pansi pa nthaka. Matanelo onse panjanjiyi alipo 39 ndipo pafupifupi onse aunjikana pamenepa.

Mphwanu wa ku Mannheim:
39?? Nde muziona chiyani madala, mdima? kkkk mwalipira kuti mukaone mdima

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ambiri ndi aafupi iwe, ena musanamalize kunena kuti talowa mwatuluka kale. Chosangalatsa n'chomwecho, kuwala, mdima, kuwala, ndipo mukatuluka chigwa chomwe chinali kumanja chili kumanzere, dzuwa lasintha mbali, mukayang'ana pansi mukuona njanji ina pakati pa mitengo nkumati iyo ikupita kuti, pomwe ndi yomwe mwadutsa posachedwapa. Lalitali kwambiri ndi la Sommerau, mamita 1,697, lomaliza pa chitundacho.

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Ana anga amawerenga mokweza aliyense nambala yake, pofika St. Georgen akangana kale, wina akuti 30 wina akuti 34. Ndipo makutu amatseka pang'ono potuluka m'matanelo aataliwo, mayi muwapatse switi azimung'unya. Netiweki nayo imadukaduka pamenepo, tikiti ya pafoni muitsegulire pa Hausach isadzakukanikeni kondakitala ataima pamaso panu, faini yake ndi mayuro 60 ndipo zoti netiweki kulibe sakumva.

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Nde tikhale mbali iti, kumanja kapena kumanzere?

Bambo a Chisomo (Villingen):
Funso limeneli anthu amakangana nalo koma ine ndimati mbali zonse zimapeza gawo lake popeza sitimayo imatembenuka. Chofunika ndi kukhala pamwamba. Mabogi ake ndi osanjikizana, pansi mumangoona khoma la miyala ndi zitsamba, pamwamba nde mumaona chigwa. Ngati maondo a mayi akulola masitepe ochepawo, kwerani. Ndipo mukwerere pa Karlsruhe msanga popeza imayambira pomwepo, pofika Offenburg Loweruka kukacha bwino imakhala yodzaza ndi anthu a njinga ndi a ndodo zoyendera m'mapiri.

Wa ku Chipata (Singen):
Muli bwanji bonse. Ine nikhala ku Singen, iyi sitima ndiye yanga nikafuna kuyenda ku Offenburg. Ba Villingen mwakamba zoona koma mwaiwala kuti mbali yathu nayo ili na vinthu. Mukachoka ku Engen muyamba kuona mapiri oima okha okha monga anachita kuyaika, ni mapiri amoto akale a ku Hegau. Ija ili pamwamba pa Singen ni Hohentwiel, pali mabwinja a linga likulu maningi. Na fakitale ya Maggi ili pafupi na steshoni, masiku yena mumvela na fungo ya supu mukali pa pulatifomu.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Maggi yomweyi ya timakyubu? Nde amayi akafike pamenepo basi, ulendo watha kkkk

Wakumudzi (Lilongwe):
Ine ndili kuno ku Lilongwe ndimangowerenga zanu, koma ndifunse nawo. Kodi panalibe njira ina yosavuta yozungulira phirilo? Matanelo 39 nthawi imeneyo opanda makina a masiku ano, ndalama zake zinali zochuluka bwanji. Anamanga liti?

Bambo a Chisomo (Villingen):
Achimwene mwafunsa pomwe pali mutu wankhani. Njira yosavuta inalipo ndithu, yodzera cha ku Schiltach ndi Schramberg, yotchipa komanso ya matanelo ochepa. Vuto linali ndale. Nthawi imeneyo Germany sinali dziko limodzi, Baden linali dziko palokha lolamulidwa kuchokera ku Karlsruhe, Württemberg nalo dziko palokha ndi mfumu yake ku Stuttgart, aliyense ndi kampani yake ya njanji. Schramberg inali ya Württemberg. Nde a Baden anati ife ndalama zathu sizingamange njanji yodzera kwa eni ake, ndiponso ku Schramberg kunali opanga mawotchi omwe ankapikisana ndi a ku Baden a cha ku Triberg, St. Georgen ndi Furtwangen, ukawapatsa njanji wawapatsa msika. Choncho anasankha njira yovuta bola ili m'kati mwa malire awo. Ntchito inayenda m'zigawo, mbali zosavuta zinatha msanga, Offenburg mpaka Hausach 1866, kumwera uko Singen mpaka Engen chaka chomwecho, kenaka Donaueschingen 1868, Villingen 1869. Chapakati chamapiricho nde chinadya nthawi, nkhondo ya Germany ndi France ya 1870 inalowanso pakati nkuchedwetsa ntchito, mpaka November 1873 m'pamene sitima inadutsa yonse. Choseketsa n'choti pofika nthawi imeneyo Germany inali itagwirizana kale mu 1871, ndipo lero Baden ndi Württemberg ndi chigawo chimodzi kuyambira 1952. Malire aja anatha koma makona anatsala, tikuzungulirabe mpaka pano chifukwa cha mkangano wa anthu omwe anapita kalekale. Ngakhale tauni yanga ino, Villingen inali ya Baden, Schwenningen ya Württemberg, anaziphatikiza mu 1972 kukhala mzinda umodzi koma mukacheza ndi achikulire akuno aliyense amanenabe kuti ine ndi wa mbali iyi.

Wakumudzi (Lilongwe):
Haa nde ndale zoononga ndalama sizinayambe lero eti

Bambo a Chisomo (Villingen):
Kuononga kapena ayi, apo ine sindivomera msanga. Njira ya Schramberg ikanadutsa kwina, matauni ngati Hornberg, Triberg ndi St. Georgen akanatsala opanda njanji, ndipo mafakitale awo a mawotchi ndi zitsulo zing'onozing'ono anakula chifukwa cha sitimayi. Komanso luso lomwe Gerwig anaphunzira apa analitengera ku Switzerland komwe anakatsogolera ntchito ya njanji ya Gotthard kuyambira 1872, makona ozungulira a kumeneko maganizo ake ndi omwewa. China chomwe ndimachikonda, munthuyu sankafuna milatho yambiri, ankakonda kuboola phiri kusiyana ndi kumanga pamwamba pa zigwembe, nchifukwa chake panjanji yonse yamapiriyi mlatho waukulu ndi wa pa Hornberg uja basi. Mwala wake ndi granite wolimba, tanelo ukaliboola limakhala, ndipo m'kati mulibe chipale chofewa chotseka njira kapena miyala yogumuka kuchokera pamwamba.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Madala inu mumagwira ku njanji kapena? Ndimayesa muli ku fakitale

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ku fakitale komweko mphwanga, izi n'zongokonda. Pa siteshoni ya Triberg pali mutu wa sitima yamalasha wakale anauimika panja, ndipo pomwepo pamayambira njira ya oyenda pansi yotsata njanji, Schwarzwaldbahn-Erlebnispfad, ili ndi zikwangwani zofotokoza zonsezi. Pali malo ena amati Dreibahnenblick, mukaima pamenepo mumaona njanji yomweyi pamisinkhu itatu, sitima imodzi imaonekera pansi, nkusowa, nkudzaonekeranso pena. Koma umo ndi mokwera, osati ndi mayi.

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Poti mwatchula Triberg ndichenjeze. Nachisale ngati mukuganiza zotsika kukaona mathithi dziwani kuti siteshoni ili pansi kutali ndi tauni, ndipo njira yake ndi chitunda chokhachokha, poyenda wapansi ndi munthu wamkulu mudzanong'oneza bondo. Dikirani basi panja pa siteshoni, tikiti zanu zonse ziwiri zimagwira. Mathithiwo ndi a mtsinje wa Gutach, amagwa mamita 163 koma osati kamodzi, amatsika m'masitepe angapo. Polowa amalipiritsa. Geti la pansi ndi losavuta, mumangoyenda pang'ono mwafika pa mathithi oyamba, mayi atha kukhala pa benchi inu nkukwera. Pagetipo amagulitsa mtedza wa m'makoko wopatsa agologolo, timabwera mpaka pafupi ndi dzanja, kutenga nkuthawira pa nthambi. Apongozi anga atabwera anaseka mpaka misozi kuti anthu akugula mtedza ndi ndalama kuti adyetse gologolo.

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Kkkkk mayi anga adzanena zomwezo ndikuwadziwa. Koma tingakwanitse zonse tsiku limodzi, Triberg ndi Konstanz?

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Kukwanitsa mungakwanitse chifukwa sitima imadutsa ola lililonse, mukatsika mumangokwera yotsatira kapena inayo. Koma werengani, maola atatu kupita atatu kubwera, kuonjeza awiri kapena atatu a Triberg, kunyanja mukakhala nthawi yochepa. Ine ndikanasankha chimodzi.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ine ndikuti pitani molunjika m'mawa kukuwala muone mapiri bwinobwino, mukadye kunyanja, Triberg mudzapite tsiku lina ndi pafupi kwa inu. Pobwera kukada palibe choona, mumangodziona nokha pagalasi.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Chabwino ndagonja pang'ono koma nanga ikachedwa? Ine ndinakhalapo pa siteshoni ina m'mapiri momwemo kuzizira, chikwangwani chikungoonjezera mphindi, kenaka akuti kwerani basi chifukwa akukonza njanji. Galimoto siingakupange zimenezo

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Galimoto nayo imaima pa Stau, mzere wa magalimoto osasuntha, pa msewu waukulu wa A5 tisanamizane. Koma mfundo yanu ili bwino pa chimodzi, ayang'ane pa app usiku wa Lachisanu ngati palibe ntchito yokonza. Mukaona palembedwa SEV ndiye kuti pena mutsika nkukwera basi, ndipo kakakhala kachigawo ka Hausach mpaka St. Georgen nde ulendo wataya mchere wake, bola kusintha tsiku.

Wa ku Chipata (Singen):
Na ichi chinthu cha mtsinje wosowa mwakamba kale? Pa Immendingen.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ndimabwera kumeneko achimwene. Nachisale, mukatuluka tanelo la Sommerau dziko limasintha mwadzidzidzi, zigwembe zija zatha, muli pamwamba posalala, madambo ndi nkhalango za paini. Pamenepo ndi pogawanikira madzi. Mvula yogwa kumbuyo kwanu imatsikira mu Gutach, Kinzig, Rhine mpaka North Sea, yogwa kutsogolo imalowa mu Brigach kupita ku Danube mpaka Black Sea. Kamtsinje komwe sitima imatsata kuchoka St. Georgen kudzera kuno ku Villingen ndi Brigach yomweyo. Pa Donaueschingen imakumana ndi Breg nkukhala Danube, Donau m'chinenero chawo. Ndiye Danube wamkulu uja wodutsa Vienna, Budapest, Belgrade, apa mumamuona ali kamwana. Nde chodabwitsa, mukangopita patsogolo pang'ono cha ku Immendingen mtsinjewo umamira pansi. Miyala ya kumeneko ndi ya laimu ili ndi ming'alu, madzi amalowa, ndipo nthawi yotentha masiku ambiri ndithu pamakhala pouma moti anthu amayenda pakati pa mtsinje nsapato osanyowa. Madziwo amakatulukira pa kasupe wa Aachtopf makilomita pafupifupi 12 kumwera, nkutsikira mu Bodensee, kutanthauza kuti akathera mu Rhine. Anatsimikiza zimenezi mu 1877 pothira mchere ndi utoto m'madzi nkukadikira kutsidya. Nde madzi amene mukawaone ku Radolfzell ena mwa iwo ndi a Danube omwe anathawa njira.

Wakumudzi (Lilongwe):
Zimenezi mukanena kuno anthu ati kuli mizimu pamenepo

Mphwanu wa ku Mannheim:
Mizimu ya Chijeremani imafunanso fomu musanaione kkkk

Admin:
Abale tisachoke pamutu, koma nkhaniyi ndaikonda ndiiika pa pini kuti obwera kumene aziipeza.

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Pa windo timatha kuona pomwe pamamira madzipo?

Bambo a Chisomo (Villingen):
Mtsinje wokha mumauona pakati pa Donaueschingen ndi Immendingen, koma pomirapo mpofunika kutsika nkuyenda wapansi. Sitima yanu ikachoka Immendingen imasiya Danube nkukwera pang'ono kudutsa tanelo la Hattingen kenaka kutsetsereka kupita ku Engen. Pa Immendingen pomwepo pamapatuka njanji ina yotsata Danube kupita ku Tuttlingen mpaka Ulm.

Wa ku Chipata (Singen):
Kuchoka Singen ni pafupi manje. Radolfzell muyamba kuona manzi, Allensbach, chilumba cha Reichenau uko, elo Konstanz. Khalani ku right apa, nyanja ili mbali iyo. Musanangene mu steshoni sitima idutsa pa buliji ya Rhine pamene mtsinje uchoka mu nyanja, na steshoni yeka ili pafupi na harbour, mungotuluka mwafika. Koma chenjerani na foni. Switzerland ili pamenepo pamene, Kreuzlingen na Konstanz ni monga tauni imozi, foni ingagwire netiweki ya ku Swiss na bill ibwera yoipa chifukwa sali mu EU. Zimyani roaming mukali ku Radolfzell.

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Eee zoona zimenezo. Ndipo mapasipoti nyamulani nonse awiri ngakhale simukufuna kuwoloka, poyenda m'mbali mwa nyanja mumangozindikira mwalowa kale dziko la eni. Viza ya Schengen imagwira ku Switzerland koma apolisi a m'malire amafunsa nthawi zina, m'sitima momwe.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Kwa okonda kulondola zinthu, kachigawo ka Singen mpaka Konstanz si Schwarzwaldbahn kwenikweni, ndi mathero a njanji yotsata Rhine kuchokera ku Basel yomwe inafika ku Konstanz mu 1863, kungoti RE 2 imapitirira mpaka kumeneko nde anthu amangoti yonse ndi imodzi. Magetsi anafika mochedwa panjanjiyi, 1975 mpaka Villingen, 1977 mpaka Konstanz, chifukwa matanelo anawaboola poganiza za sitima zamalasha, mawaya analibe pokwana, nde anachita kukumba pansi kutsitsa njanji m'matanelomo. Tangoganizani ntchito imeneyo, tanelo ndi tanelo.

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Ankolo mayi anga ndi a mvano, ku Konstanz kuli tchalitchi kapena china choti angakonde kupatula madzi? Chifukwa za nyanja adzangoti ya kwathu ndi yaikulu kkkk

Bambo a Chisomo (Villingen):
Apo sadzanama kkkk. Atengereni ku Münster, tchalitchi chachikulu chakale, kuchoka pa siteshoni ndi poyenda wapansi. Mumzindawu munachitika msonkhano waukulu wa mpingo kuyambira 1414 mpaka 1418, nthawi yomwe anthu atatu ankadzitcha papa nthawi imodzi, ndipo papa Martin V anasankhidwa mu 1417 m'chinyumba chachikulu chili pa doko pomwepo, mpaka lero amachitcha Konzil. Pamsonkhano womwewo anaweruza Jan Hus wa ku Bohemia nkumuotcha mu 1415, munthu yemwe ankadzudzula mpingo zaka zana Luther asanayambe zake. Kwa mayi a mvano nkhani imeneyo idzawagwira mtima. Nyumba zakale za pakati pa tauni zilipobe chifukwa mzindawu sunaphulitsidwe pankhondo yachiwiri.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Koma chifanizo cha mzimayi chozungulira chija cha pa doko muwadutsitse mwachangu amayi a mvanowo, zovala zake sizamvano kkkkk

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Iwe mwana iwe kkkk. Imperia ameneyo, n'chachitali mamita 9 sangalephere kuchiona, mungowauza kuti ndi zaluso.

Chikondi (Freiburg):
Ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Ine ndingoonjeza kuti pobwera simukuyenera kubwerera njira yomweyo. Tsikani pa Donaueschingen mukwere ya ku Freiburg kudzera Neustadt ndi Titisee, Höllentalbahn, mukatsikire m'chigwa chopapatiza chija, kenaka Freiburg kupita Karlsruhe pa RE. Matikiti omwewo. Kwa ine imeneyi imaposa ya a Villingen, pepani ankolo.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Kuposa ayi, kusiyana inde. Ndipo mukudziwa kuti anaijambula ndi Gerwig yemweyo? Anamwalira mu 1885 isanathe, chigawo cha Freiburg mpaka Neustadt chinatsegulidwa 1887. Kumeneko sanazungulire, anangolunjika chitunda, penapake imakwera pafupifupi mamita 6 pa 100 aliwonse, moti mpaka 1933 sitima zinkakwera ndi giya ya mano yoluma pa chitsulo cha pakati pa njanji. Nchifukwa chake ija inakhala njanji ya anthu a m'deralo ndi alendo, pomwe Schwarzwaldbahn ili ndi mizere iwiri njira yonse ndipo masitima olemera amadutsa. Kukongola kwa Höllental ndi mphindi zochepa pakati pa Himmelreich ndi Hinterzarten, mlatho wa Ravenna ndi matanthwe aja. Kwathu kuno mumakhala nazo kuchoka Hornberg mpaka Sommerau osapuma.

Chikondi (Freiburg):
Mphindi zochepa koma zokoma ankolo. Nanga nyanja ya Titisee, nanga nthambi yopita ku Schluchsee?

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Inu awiri muwazunguza mutu Nachisale. Njira ya Freiburg ndi yaitali ndipo ili ndi kusintha sitima, munthu wamkulu atayenda tsiku lonse akufuna akhale pampando umodzi mpaka kwawo. Ija ndi ya tsiku lina.

Wakumudzi (Lilongwe):
Ine changa ndi mawotchi a kambalame aja, amati amachokera komweko eti? Amagulitsa bwanji?

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Komweko, ku Triberg mashopu ake ndi mzere, ndipo cha ku Schonach kuli ena aakulu ngati nyumba mumalowamo nkuona magiya amatabwa. Osema pamanja ndi odula zedi, otchipawo ambiri ndi a batire. Musanatume munthu ganizirani kaye za sutikesi.

Bambo a Chisomo (Villingen):
Ndipo wotchi imeneyo ili pa ubale ndi njanji. Gerwig asanayambe za Schwarzwaldbahn anali mkulu woyamba wa sukulu ya mawotchi ku Furtwangen, 1850, ndipo anapempha akatswiri kuti ajambule maonekedwe atsopano a mawotchi. Friedrich Eisenlohr, yemwe ankajambula masiteshoni ndi tinyumba ta alonda a njanji ku Baden, anangotenga kanyumba ka mlonda wa njanji nkuikapo nkhope ya wotchi. Kanyumba ka denga losongoka komwe kambalame kamatulukira kaja chiyambi chake ndi chimenecho.

Mphwanu wa ku Mannheim:
Madala mwawina. Asisi mukapita mutumize mavidiyo a m'matanelo tione mdimawo

Nachisale wa ku Karlsruhe:
Zikomo nonse, tikwera ya m'mawa, pamwamba, Triberg tsiku lina. Funso lomaliza, muli chimbudzi ndi zakudya m'sitimamo? Ndikufuna ndidziwe ngati ndiphike.

Mayi a Tamanda (Offenburg):
Chimbudzi chilimo, chachikulu chimakhala pansi m'bogi ya njinga ndi ma wheelchair. Zakudya musadalire za m'sitima, phikani kapena gulani pa bekare ya pa siteshoni ku Karlsruhe. Tiyi mu fulasiki, ndi juzi ya mayi musaiwale, ku St. Georgen zitseko zikatseguka mphepo yake si ya ku Karlsruhe ngakhale kunja kuli dzuwa.

Chikondi (Freiburg):
Admin bwanji tipange ulendo wa gulu wa ku Höllental mwezi wamawa, a Villingen abwere adzavomereze okha. Baden-Württemberg-Ticket imodzi imanyamula anthu mpaka asanu, opanda Deutschlandticket atha kusonkherana.

Admin:
Yambitsani uthenga wina wa zimenezo asisi, ofuna alembe mayina kumeneko. Loweruka loyamba la mwezi ine ndili pa ntchito nde musasankhe limenelo.